Kalata yotseguka: mankhwala a TB ndi aulere, koma wodwala akulipira ndi njala

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo,

komanso kwa a Nduna ya Zachuma, a Nduna ya Zantchito, a Nduna yoona za chisamaliro cha anthu, akuluakulu a nthambi yolimbana ndi chifuwa chachikulu, akuluakulu oyang'anira ndende, ndi aphungu onse a Nyumba ya Malamulo.

Olemekezeka, ndakulonjerani ndi ulemu wonse, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito yolemetsa imene mwasenza. Ndine nzika wamba ya dziko lino. Ndasankha kulemba poyera chifukwa eni ake enieni a nkhaniyi ambiri alibe foni ya intaneti, ena ali m'ndende, ena mawu anawathera ndi kutsokomola. Inu amene mukuwerenga pa foni, chonde tumizirani anzanu mpaka kalatayi ifike pa tebulo loyenera.

Mfundo yanga ndi imodzi. Boma limapereka mankhwala a TB mwaulere, ndipo pamenepo tikuthokoza. Koma matendawa amalowa kwambiri pakhomo pa munthu wogona ndi njala, wogona mothithikana, wopuma fumbi pa ntchito, wopanda ndalama ya minibasi. Tikamupatsa mapilitsi munthu wotere n'kumubweza kunyumba chimanjamanja, timakhala tagwira theka la ntchito, ndipo theka linalo ndi limene likupha anthu.

Ndiyambe ndi kuyamika, pakuti zoyamika zilipo. M'zaka za m'ma 1980 Malawi linali limodzi mwa mayiko ochepa amene, mothandizidwa ndi Dr Karel Styblo, anayesera njira yolemba wodwala aliyense m'kaundula ndi kumuyang'anira pomwa mankhwala mpaka atamaliza. Njira imeneyi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linadzaitenga, n'kuitcha DOTS, n'kuifalitsa padziko lonse. Edzi itafika, odwala TB olembedwa pachaka anachuluka kuchoka pa pafupifupi 5,000 chapakati pa zaka za m'ma 1980 kufika poposa 25,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma ndondomekoyo siinagwe. Mu 2004 ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo chifuwa chinayamba kubwerera m'mbuyo. Kafukufuku wa mumzinda wa Blantyre wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti akuluakulu opezeka ndi TB ya m'mapapo achepa ndi pafupifupi 80 mwa 100 poyerekeza ndi zimene kafukufuku wa dziko lonse anapeza m'matauni mu 2013 ndi 2014. Ntchito imeneyi anaigwira ndi anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo, a m'malabotale, ndi anthu odzipereka m'midzi amene amatolera makhololo osalandira kanthu.

Tsono amene akudwalabe ndani? Malinga ndi WHO, mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB padziko lonse ndipo 1.25 miliyoni anamwalira, moti TB inabwereranso pa malo oyamba mwa matenda opatsirana opha anthu ambiri, kuposa COVID-19. Mwa odwala 100 alionse, 55 anali amuna, 33 amayi, 12 ana. Magawo awiri mwa atatu a odwala onse anali m'mayiko asanu ndi atatu okha: India, Indonesia, China, Philippines, Pakistan, Nigeria, Bangladesh ndi Democratic Republic of Congo. Bungweli limatchula zinthu zisanu zimene zikukolezera matendawa, ndipo choyamba pa zonse ndi kunyentchera. Zinazo ndi HIV, mowa, fodya ndi matenda a shuga. Kwathu kuno kafukufuku wa 2013 ndi 2014 uja anapeza kuti akuluakulu 452 mwa 100,000 alionse anali ndi TB yotsimikizika, ochuluka m'matauni kuposa m'midzi, amuna kuposa amayi. Pafupifupi theka la odwala TB athu alinso ndi HIV, n'chifukwa chake WHO inaika Malawi pa mndandanda wa mayiko 30 olemedwa kwambiri ndi matenda awiriwa pamodzi. Ndipo ambiri mwa odwalawo ali pa msinkhu wogwira ntchito, msinkhu wolipira lendi ndi fizi ya ana.

Kaundula wa ku chipatala amalemba dzina, zaka, kokhala ndi zotsatira za magazi. Salemba ngati munthuyo anadya dzulo, salembanso mbuzi imene anagulitsa kuti afike pa mzere. Madandaulo anga ali pa zosalembedwazo.

Dandaulo loyamba ndi mtengo wa chinthu chaulere. Taganizani bambo wa kabaza wa ku Mtandire kapena ku Mbayani amene wayamba kutsokomola, kutentha thupi madzulo ndi kutuluka thukuta usiku. Poyamba amagula mapilitsi pa golosale. Chifuwa chikapitirira ndi thupi kuyamba kutha, achibale amanong'ona za tsempho kapena mdulo, ndiye ndalama ina imapita kwa asing'anga. Akafika ku chipatala chaching'ono amapatsidwa mankhwala a chifuwa wamba n'kuuzidwa kuti abwerenso. Akabwera amapereka makhololo, ndipo ngati pamalopo palibe makina oyezera makhololo a GeneXpert, makhololowo amadikira njinga yamoto yowatengera kwina. Makinawo amatulutsa yankho m'maola awiri, koma yankholo kuti lifike kwa mwini wake pamatha masiku. Akafunika kujambulidwa m'chifuwa, ndi ulendo wina wa ku chipatala chachikulu. Tsiku lililonse pa maulendo amenewa ndi tsiku limene kabaza sinayende ndipo ana sanaone ndiwo. Kumudzi ndiye zimanyanya, chifukwa m'madera ambiri chipatala chapafupi ndi cha mishoni, kumene mankhwala a TB ndi aulere koma munthu amayenera kulipira kaye kuti aonedwe asanadziwike kuti ali ndi TB.

Izi si zachilendo kwa Unduna wanu. Kafukufuku wa ku Lilongwe amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti wodwala ankataya pafupifupi masabata atatu a ntchito pongofunafuna kudziwa chimene akudwala, ndipo kwa osauka zonse zimene ankawononga zinkaposa kawiri ndalama zimene ankapeza pamwezi. Panthawiyo munthuyo amakhala asanameze ndi pilitsi limodzi lomwe. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amene WHO imasonkhanitsa akusonyeza kuti pafupifupi theka la mabanja a odwala TB amawononga ndalama zoposa 20 mwa 100 za chuma chawo cha pachaka. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2020 pasapezeke banja ngakhale limodzi logwa mu umphawi chifukwa cha TB. Chaka chimenecho chinadutsa. Kuchokera pamenepo kwacha inagwa ndi 25 mwa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 mwa 100 mu Novembala 2023, mafuta akhala akusowa, ndipo mtengo wa minibasi wakhala ukukwera. Tikamati wodwala wathawa mankhwala, kawirikawiri munthuyo sanathawe, wangolephera kupeza ya thiransipoti.

Dandaulo lachiwiri, limene likundiwawa kwambiri, ndi njala. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi: miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi pamodzi, miyezi inayi yotsatira mitundu iwiri. Aliyense amene anasamalirapo wodwala TB amadziwa kuti mankhwala akayamba kugwira, chilakolako cha chakudya chimabwerera ndi mphamvu, munthu amafuna kudya pafupipafupi. Ku chipatala amamulangiza kuti azidya zakudya za magulu asanu ndi limodzi, mazira, mkaka, nsomba, zipatso. Malangizowo ndi oona, koma akuperekedwa kwa munthu amene pakhomo pake ufa wa mgaiwa watha ndipo wopezera ufayo ndi iye mwini amene wagona pa mphasa. Kafukufuku wa boma wa 2019 mpaka 2020 anasonyeza kuti anthu 50.7 mwa 100 alionse m'dziko muno ndi osauka. Namondwe wa Freddy anakokolola minda mu Marichi 2023, ndipo mu Marichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Amenewo ndiwo makomo amene odwala athu akubwerera.

Kuti njala imapha wodwala TB tinazidziwa kale kwathu konkuno. Ku Thyolo, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2002 anapeza kuti odwala TB oposa theka anali onyentchera poyamba mankhwala, ndipo oonda kwambiri ankamwalira mochuluka m'masabata anayi oyamba. Umboni waposachedwa wachokera ku India, m'dera la Jharkhand. Kumeneko, pa kafukufuku wotchedwa RATIONS amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, odwala onse ankalandira chakudya, ndipo m'mabanja ena aliyense wa pakhomopo ankalandiranso makilogalamu 5 a mpunga ndi kilogalamu imodzi ndi theka ya nyemba zosenda pamwezi, kuphatikiza mavitamini. M'mabanja amenewo anthu otenga TB anachepa ndi 39 mwa 100, ndipo TB ya m'mapapo yotsimikizika inachepa ndi 48 mwa 100. Odwala amene anayamba kunenepa m'miyezi iwiri yoyamba ankapulumuka mochuluka kwambiri kuposa amene thupi silinabwerere. Olemekezeka, katemera amene akanachepetsa TB ndi theka bwenzi tikumulandira ndi nyimbo pa bwalo la ndege. Apa tikunena za chimanga, nandolo, soya ndi mtedza, zinthu zimene alimi athu amalima ndipo nthawi zina amasowa kogulitsa.

Boma la India kuyambira mu 2018 limapatsa wodwala TB aliyense ndalama ya chakudya pamwezi, poyamba marupi 500, kenako mu 2024 linakweza kufika 1,000. India si dziko lopanda osauka, koma linaona kuti kudyetsa wodwala n'kotsika mtengo kuposa kumuchiza kachiwiri. Kwathu ndondomeko yoyeza kunyentchera kwa odwala TB ndi HIV achikulire ilipo pa pepala, koma chiponde ndi ufa wa phala zimafika mwa apo ndi apo, ndipo zikafika zimalunjika kwa amene waonderatu. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, koma kalembera wake amatenga zaka asanachitikenso. Banja limene bambo wake wagwa ndi TB mwezi uno silingadikire kalembera wa zaka zikubwerazo. Pofika nthawiyo njinga yagulitsidwa, mwana wasiya sukulu, mwinanso bamboyo tamuika kale.

Dandaulo lachitatu ndi la amuna. Timakonda kunena kuti amuna ndi ouma mutu, safuna kupita ku chipatala. Mwina ena ali otero, koma tiyang'anenso mmene zipatala zathu zimagwirira ntchito. Zimalandira odwala m'mawa mpaka masana, mkati mwa sabata, nthawi yomweyo imene waganyu, kondakitala, venda, mlonda wochoka ku ntchito ya usiku, msodzi ndi tenanti wa pa esiteti ya fodya amakhala akusaka ya lero kapena akugona kuti akadzuke usiku. Mayi amafika ku chipatala kudzera ku sikelo, ndipo kumeneko amayezedwa zambiri. Bambo alibe khomo lotero. Amafika atatheratu, atanyamulidwa, ndipo m'miyezi imene anachedwayo wapatsira a m'nyumba mwake, a m'minibasi ndi anzake a pa bawo kapena pa malo omwera mowa. Kachasu ndi chingambwe zimawonjezera vuto, sindikukana, koma kudzudzula munthu sikumuyeza makhololo. Magalimoto okhala ndi makina ojambula m'chifuwa amene Unduna wanu uli nawo anasonyeza kuti amuna amabwera ngati chipatala chawatsata pa msika kapena pa depoti.

Kwa amene ali pa ntchito yolembedwa, lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro, kwa amene wagwira chaka chathunthu. Koma antchito a m'nyumba, alonda ndi a m'mashopu ambiri amangouzidwa kuti akapume kunyumba bwana akamva za TB, ndipo kupumako kumakhala kuchotsedwa ntchito. Chonsecho munthu amene akumwa bwino mankhwala ogwira amasiya kupatsira ena m'masabata ochepa oyamba. Waganyu ndiye alibe lamulo lililonse lomuteteza.

Amayi nawo ali ndi mtolo wawo. Ambiri amayenera kupempha ndalama ya ulendo kwa amuna awo, ndipo ena amabisa chifuwa poopa kunenedwa kuti abweretsa matenda m'banja, popeza anthu ambiri akamva TB amaganiza za Edzi. Bambo akadwala, gadiyani ndi mayi: amagona pa simenti ku chipatala, amasiya munda ndi geni yake. Mayi akadwala, womudikirira nthawi zambiri amasowa. Ana aang'ono satha kutulutsa makhololo, choncho TB yawo imabisala m'dzina la chibayo kapena kunyentchera mpaka mochedwa. Lero WHO imavomereza kuyeza chimbudzi cha mwana ndi makina a GeneXpert aja, ndiponso pali mankhwala oteteza a m'nyumba mwa wodwala omwa kamodzi pa sabata kwa masabata 12. Zimenezi zimathandiza pokhapokha ngati mlangizi wa zaumoyo ali ndi njinga, nthawi ndi mankhwalawo kuti akafike pakhomopo.

Za nyumba ndinena mwachidule. Ku Ndirande, Bangwe, Chinsapo, Mgona ndi Masasa kuli mabanja a anthu asanu kapena kuposa ogona m'chipinda chimodzi, zenera lotsekedwa ndi njerwa poopa akuba, mbaula ikufuka m'kati nthawi ya dzinja. Kachilombo ka TB kamayandama m'mpweya wosayenda kwa maola. Makhonsolo a mizinda amatolera misonkho m'madera amenewa, choncho nawonso nkhaniyi ndi yawo.

Dandaulo lachinayi ndi ndende. Kale mu 1996 kafukufuku wa m'ndende ya Zomba anapeza kuti akaidi pafupifupi 5 mwa 100 alionse anali ndi TB ya m'mapapo, chiwerengero choposa kutali cha anthu a kunja. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuthithikana ndi kusowa kwa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza zonyoza umunthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zoposa khumi ndi zisanu zadutsa, koma ku Maula, Chichiri, Zomba ndi Mzuzu anthu akugonabe mopanikizana, akudyabe kamodzi patsiku nsima ya nandolo kapena nyemba, ndipo pakhala nthawi zimene ngakhale chakudya chimodzicho chimasowa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense wosungidwa ndi boma ali ndi ufulu wa chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala pa ndalama za boma. Ena mwa anthuwa sanaweruzidwe n'komwe, akudikira mlandu wa nkhuku kapena foni. Woweruza akalamula miyezi isanu ndi inayi, sanalamule chifuwa chachikulu. Kwa amene angati akaidi achimwa okha, ndikumbutse kuti asilikali a ndende amapuma mpweya womwewo n'kubwerera kwa ana awo madzulo, ndipo mkaidi amatuluka n'kukwera minibasi imodzi ndi ife. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dandaulo lachisanu ndi la anthu a m'migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo ngakhale ulendowu unaimitsidwa ndege itagwa ku Francistown mu 1974, unadzayambiranso kudzera ku TEBA, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Madala amenewa anabwera ndi wailesi ndi njinga, komanso fumbi la miyala m'mapapo, limene limachititsa munthu kugwidwa TB mosavuta moyo wake wonse. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni wolipira chipukuta misozi kwa amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ya makampani asanu ndi limodzi pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala matenda a fumbi kapena TB yobwera ndi ntchitoyo. Ndalamazo zili m'thumba la Tshiamiso Trust, ndipo thumbali lili ndi nthawi yake yotsekera. Mkulu wa zaka 75 wa ku Mzimba, Dedza kapena Mulanje, amene mapepala ake anadyedwa ndi chiswe, sangayende yekha njira yopezera ndalamazi, ndipo mayi wamasiye amene mwamuna wake anamwalira akutsokomola sangathe n'komwe. Komanso fumbi silinathere ku Joni. Lili m'migodi ya malasha ku Rumphi, kwa ootcha laimu ku Balaka, kwa okumba golide ku Makanjira, ndi kwa amayi oswa miyala m'mphepete mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ana ali kumbuyo, popanda chotchinga pamphuno. Atsogoleri a SADC anasaina chikalata cha TB m'migodi ku Maputo mu 2012, ndipo ife tinali nawo.

Dandaulo lomaliza ndilo landikakamiza kulemba tsopano. Gawo lalikulu la ndalama zolimbana ndi TB m'dziko muno lakhala likuchokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi ku boma la America. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, kenako m'chaka chomwecho bungwe lake lopereka thandizo la USAID linatsekedwa, ndipo Global Fund nalo linachepetsa ndalama zimene linalonjeza mayiko. Ndalama zikachepa, mapilitsi amatetezedwa, ndipo n'koyenera kutero. Zimene zimayamba kudulidwa ndi mafuta a njinga zonyamula makhololo, maulendo a magalimoto oyeza m'madera, kangachepe ka anthu odzipereka, ndi kufufuza a m'nyumba mwa wodwala. Zimenezi ndizo zokhazo zimene zimafikira wosauka. Zikatha, chiwerengero cha odwala olembedwa chikhoza kutsika, ndipo wina akhoza kuganiza kuti tapambana pamene anthu akungofera kunyumba osayezedwa. Wodwala akadukiza mankhwala timakolola TB yosamva mankhwala, imene kuchiza kwake kumadya ndalama zochuluka kwambiri. Ku Abuja mu 2001 mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 mwa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife sitifikapo. Ku msonkhano wa United Nations mu Seputembala 2023 tinavomerezanso kuti pofika 2027 wodwala TB aliyense azikhala ndi chithandizo cha zaumoyo ndi cha chisamaliro chomuteteza ku umphawi. Chaka cha 2027 chili pakhomo.

Choncho, Olemekezeka, modzichepetsa koma mosabwerera m'mbuyo, ndikupempha izi:

1. Wodwala TB aliyense alandire chakudya cha mwezi ndi mwezi kuyambira tsiku loyamba mankhwala mpaka atamaliza, osadikira kuti aonde kaye, ndipo m'mabanja osauka chakudyacho chikwanire a pakhomo onse. Chigulidwe kwa alimi athu ndi makampani a m'dziko muno opanga Likuni Phala ndi chiponde. Ngati ndalama sizikwanira dziko lonse nthawi imodzi, yambani ndi mizinda inayi ndi maboma amene akhudzidwa kwambiri ndi njala, ndipo mutiuze tsiku limene ena adzafikiridwe.

2. Unduna wa Zaumoyo ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu agwirizane kuti khadi la TB likhale khomo lolowera msanga mu Mtukula Pakhomo ndi m'chimanga cha thandizo kwa mabanja osauka, kwa nthawi yonse ya mankhwala ndi miyezi ingapo pambuyo pake, ndalama zikufika pa foni kapena pa chipatala pomwepo.

3. Munthu wotsokomola masabata awiri asalipire kalikonse kuti aonedwe, ayezedwe makhololo kapena ajambulidwe m'chifuwa, kaya ndi m'chipatala cha boma kaya cha mishoni cha pansi pa CHAM. Ikani zimenezi m'mapangano amene boma limasainirana ndi zipatala za mishoni.

4. M'matauni mukhale zipatala zoyeza TB madzulo ndi Loweruka, ndipo magalimoto oyeza azipita ku misika, madepoti, madoko a asodzi ndi maesiteti pa masiku olengezedwa pa wailesi. Amene akupeza bwino azipatsidwa mankhwala a nthawi yaitali kapena azilandirira pafupi ndi kwawo, kuti maulendo achepe.

5. Chigamulo cha 2009 chitsatidwe. Mkaidi aliyense ayezedwe polowa, ali m'kati ndi potuluka. Wodwala TB adye kosachepera katatu patsiku. A milandu ing'onoing'ono apatsidwe belo kapena chilango chogwira ntchito m'dera.

6. Unduna wa Zantchito utsegule madesiki m'maboma othandiza amene anagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa ndi amasiye awo kupeza mapepala, kuyezedwa ndi kutumiza madandaulo awo ku Tshiamiso nthawi isanathe, popanda munthu wapakati wodya nawo. Undunawo uletsenso poyera kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha TB, ndipo oyendera malo a ntchito afike ku migodi ing'onoing'ono ndi kumakwale.

7. Bajeti ikubwerayi ikhale ndi mzere wooneka wa ndalama zathuzathu zolipirira kunyamula makhololo, zipangizo za makina oyezera, mankhwala oteteza a m'nyumba ndi kangachepe ka anthu odzipereka, ndipo ndalamazo zizituluka ku Treasury m'nthawi yake.

8. Chaka chilichonse Unduna ulengeze, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina, chiwerengero cha odwala ndi omwalira boma lililonse, mogawa amuna, amayi, ana, akaidi ndi a m'migodi, pamodzi ndi ndalama zimene mabanja akuwononga. Aphungu adziwe za madera awo, mafumu adziwe za midzi yawo.

Ndikudziwa kuti thumba la boma ndi loperewera ndipo ofuna thandizo ndi ambiri. Koma zina mwa zimene ndapemphazi, monga kusintha maola a zipatala zingapo, kugwirizanitsa maunduna awiri, kulemba kalata kwa olemba ntchito ndi kulengeza ziwerengero, sizifuna ndalama zambiri; zikufuna lamulo lochokera pa tebulo lanu. Ndikupempha kuti muyankhe mfundozi imodziimodzi m'Nyumba ya Malamulo, pamene wailesi ikuulutsa, tsiku lokumbukira TB la pa 24 Marichi lisanafike, ndipo munene zimene mwavomera, zimene mwakana ndi chifukwa chake. Aphungu a komiti ya zaumoyo, funso limeneli lifunseni ndinu ngati yankho lichedwa.

Ndine wanu mwaulemu,

Nzika yokhudzidwa